Mtovu Umene Anauwotcha ku Lirangwe

Kwa zaka zambiri, munthu akafuna kudziwa ngati chitsime chake chidzafika mvula chisanaphwe, ku Lirangwe ankatchula dzina limodzi lokha, la a Stewart Maluwa. Anali bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, amene anayamba kukumba zitsime asanamere ndevu, ndipo analeka kulowamo mawondo atakana. Atasiya piki ndi fosholo, anatsala ndi ntchito yoyeza. Ankayenda pa njinga yakale, pakaliyala atamangapo kachikwama ka saka, ndipo m'kachikwamako munali chinthu chimene anthu onse anachionapo, ngakhale kuti amene anafunsa mbiri yake anali ochepa.

Chinthucho chinali mtovu, chitsulo chotuwa chija chimene chimalemera kuposa maonekedwe ake. Unali wautali ngati chitsononkho chachikulu. Kumutu unali ndi kabowo kolowetsa chingwe, kumunsi unali ndi kadzenje kokwana chala chachikulu, ndipo m'mbali munadindidwa timizere titatu tokumana pamodzi ngati phazi la nkhuku. Chingwe chake chinali ndi mfundo zomangidwa tinsanza, ndipo kuchokera pa mfundo imodzi kufika pa inzake unali mkwamba, utali wa manja a munthu atawatambasula.

Akafika pachitsime, a Maluwa ankamata mafuta olimba a mbuzi m'kadzenje kaja, n'kuyamba kutsitsa mtovuwo, akuwerenga mfundo mokweza ndi mawu oimba, m'Chilomwe chakale chimene achinyamata sachimvanso. Ukagunda pansi ankaukoka. Kunyowa kwa chingwe kunkanena kuya kwa madzi, ndipo mafuta ankabwera atamatirira chimene chili pansipo. Mchenga woyera unkasonyeza kuti kasupe ali moyo. Matope ankasonyeza kuti chitsime chikufunika kukapidwa. Ntchito yonse inali imeneyi, ndipo inkachitika masana, amayi ataimirira pomwepo ndi ndowa zawo.

Mafutawo ankawatenga kwa a Swaleh Chande, amene amapha mbuzi pamsika wa Lirangwe. Awiriwa anakalamba akunyozana, ndipo tsiku limene sananyozane ankagona osakhutira.

“Kaputeni wafika!” a Swaleh ankafuula akangoona njinga ija. “Chombo mwachikocheza kuti lero, Kaputeni? Kapena chaphwanso tayala?”

“Shehe, dulani mafuta, musandidyere nthawi. Ndipo musandipatse a mbuzi ija munapha sabata yatha, imene inali yamsinkhu wanu.”

“Wopempha kumasankhanso! Kaputeni wanji amene nyanja sanaionepo? Mukafika pamtsinje wa Lirangwe mumapinda thalauza mpaka m'khosi.”

Zinali zoona. A Maluwa sanaonepo nyanja yamchere. Komabe ankaidziwa monga mmene munthu amadziwira mudzi wa makolo ake umene sanaupondepo, chifukwa mbiri ya mtovuwo anailandira kwa amalume awo pamodzi ndi mtovu weniweniwo, ndipo ankaifotokoza osawonjezera kapena kuchotsa.

Mbiriyo inkati kalekale, sitima za utsi zisanadzaze nyanja, kugombe la ku Mozambique kunafika chombo cha matanga cha asilikali a Azungu, cha milongoti itatu. Poyamba chinali chankhondo, koma chitayamba kukalamba anachichotsa mizinga yambiri n'kuchituma kukayeza nyanja ndi kujambula mapu, kuti zombo zinzake zizidziwa pamene pali miyala ndi pamene pali njira. Dzina lake lenileni banjali silinalisunge. Ankangochitchula kuti Chipimanyanja. Chitafika kumathiriro a mitsinje cha ku Kelimane, malungo anatha amalinyero ake, ndipo akuluakulu a chombocho anatenga amuna a m'midzi ya kugombe kuti agwire ntchito ya akufawo. Mmodzi wa iwo anali Namakhwa, kholo la a Maluwa. Ankaima kutsogolo kwa kabwato, dzuwa likumuwotcha, akuponya mtovu, kuukoka, n'kuimba kuya kwa madzi, pamene Mzungu ankakhala kumbuyo pamthunzi akulemba. Malungo atamugwira nayenso, anamusiya pamchenga ngati nkhafi yothyoka, chingwe ndi mtovu zili pambali pake, chombo n'kupita. Iye anachira. Patapita zaka anadzachionanso chombocho padoko, atachidula milongoti, chikusunga malasha a sitima za utsi zimene zinachilanda ntchito. Pambuyo pake eni ake anachiphwasula n'kugawana matabwa.

A Maluwa akafika pamenepa mawu ankawakwera. Mapu aja, iwo ankatero, ali ndi maina a akaputeni pa chilumba chilichonse ndi pa mwala uliwonse. Nanga manja amene anayeza madziwo ali pati? Funso limeneli ndi lolungama, ndipo palibe amene analiyankha. Umboni wokhawo woti Namakhwa anakhalapo unali m'kachikwama ka saka pakaliyala ya njinga ku Lirangwe.

Mtovuwo unkayenda mwa mwambo wa kuchikazi, kuchoka kwa malume kupita kwa mwana wa mlongo wake. Unawoloka malire uli mumtolo pamene makolo ankathawa nkhanza za Apwitikizi, unagona m'minda ya tiyi ku Mulanje, ndipo ku Lirangwe unapeza ntchito yatsopano m'zitsime. Wolandira aliyense ankamasula mfundo zonse n'kumanga zina poyeza ndi manja ake, pakuti mkwamba wa munthu wina suthandiza mnzake. Tsono mlongo wawo wa a Maluwa anasiya mwana mmodzi yekha, Angella, mayi wa ana atatu amene amasoka zovala pakhonde la sitolo ku Chileka. Chimene a Maluwa ankafuna asanamwalire chinali chimodzi: kuuika mtovuwo m'manja mwa Angella uli wathunthu monga anaulandirira. Koma Angella ankazengereza.

“Amalume, ine ndizitani nacho chitsulo chimenechi? Ndizipsinjira nsalu kuti isauluke?”

“Uzisunga. Ukafuna uziyeza. Madzi sadziwa kuti wagwira chingwe ndi mwamuna kapena mkazi.”

“Chabwino, ndidzatenga pa Khirisimasi.”

Makhirisimasi angapo anadutsa.

Chaka chimene mavuto anabwera, kumtunda kwa chitsime china cha kumpoto kwa msika kunamangidwa tenti ya mapemphero ya munthu wina wodzitcha mneneri, dzina lake Luke. Anthu ankasonkhana ambiri, ndipo otsatira ake anakumba chimbudzi kuseri kwa tentiyo, pamalo otsetserekera kuchitsime. Mvula yoyamba itagwa, a Tony, wapampando wa komiti ya chitsimecho, anaitana a Maluwa kuti adzayeze monga mwa chaka ndi chaka. Mtovu unatsika, unakwera. Pamafuta panali zinthu zakuda zonanda. A Maluwa anazinunkhiza, nkhope n'kugwa.

“A Tony, chitsime ichi mutseke lero lomwe. Chimbudzi chija chikutsikira muno. Mukapitiriza kumwa, ana adwala.”

A Tony anakanda mutu. Mjigo wapafupi unali utawonongeka, wina unali kutali, ndipo iwo eni anali mkulu wa kwaya kutenti kuja. Anati komiti ikhala pansi. Komitiyo sinakhale. Masabata asanapite ambiri, ana anayamba kutsegula m'mimba nyumba ndi nyumba, ndipo Lisa, mwana wamng'ono wa a Tony, anamwalira ali m'njira yopita kuchipatala.

Chisoni cha bambo amene waika mwana wake m'manda palibe woyenera kuchipeputsa. Koma chisoni si chilolezo. A Tony ankadziwa amene anawachenjeza, ankadziwanso amene sanamvere, ndipo mtolo umenewu unawalemera kwambiri moti anafuna wina woti awusenze. Mneneri Luke, amene chimbudzi chinali chake, anali ndi chifukwa chakechake chowathandizira kumupeza. Pamaliro pomwepo mawu anayamba kuyenda. Kodi amene ananena kuti ana adwala ndani? Anadziwa bwanji? Nanga mafuta oyera aja amene amamata kuchitsulo chake ndi a chiyani? Nyimbo ija amaimba potsitsa, amaitana yani? Chenjezo linasanduka temberero. Munthu amene ananena zoona poyera anaweruzidwa chifukwa choti zoonazo zinachitika.

Mneneri ndi otsatira ake anawaitanira a Maluwa pachitsime pomwepo tsiku lina masana. Angella atamva anasiya makina, nakwera minibasi kuchokera ku Chileka, ndipo anapeza khamu litazungulira kale amalume ake. Iwo anali ataima pakati, kachikwama ka saka atakakumbatira pachifuwa. Kumbuyo kwa khamulo kunali akulu ampingo wa a Maluwa, anthu amene anagwira nawo ntchito ya Mulungu kwa zaka zambiri, amene zitsime za kunyumba kwawo zinakumbidwa ndi manja omwewo. Onse ankayang'ana nsapato zawo.

“Madala,” anatero mneneri Luke, ali m'suti yoyera, “tiuzeni pamaso pa anthu a Mulungu. Mafuta amenewa ndi a chiyani?”

“A mbuzi.”

“A mbuzi!” Mneneriyo anatembenukira khamu, nalo linaseka mowawa.

“Ndi a mbuzi, ndimawapatsa ndine!” A Swaleh anali atatseka butchala yawo, ndipo anakankha anthu mpaka anafika kutsogolo, epuloni ili m'chiuno. “Ndawapatsa kuyambira inu musanabadwe, a mneneri. Ngati ndi a munthu, ndiye kuti nonsenu mwakhala mukudya munthu ndi tomato.”

“A Chande, nkhani ino ndi ya Akhristu,” anatero a Tony, maso ali ofiira. “Bwererani ku mbuzi zanu.”

“Madziwa akafika pakhosi amafunsa chipembedzo? Adzukulu anga amamwanso pano!”

Palibe anawamvera. Mneneri analamula kuti mtovu utulutsidwe, ndipo a Maluwa anautulutsa, nauonetsa ali chigwirire. Mneneriyo analoza timizere titatu tija.

“Taonani! Phazi la nkhuku! Chitsulo cha munthu wopemphera chimakhala ndi phazi la nkhuku?”

“Chimenecho ndi chidindo cha eni chombo,” anayankha a Maluwa modekha. “Ankadinda katundu wawo yense kuti asabedwe. Ana anga, mukufuna mfiti? Ili kuseri kwa tenti uko, ili ndi denga la udzu ndi chitseko cha saka. Ikwirireni, mutseke chitsime, ana aleka kudwala. Ine mundichite chimene mukufuna, koma madziwa musamwenso.”

“Mwamva? Akunyoza nyumba ya Mulungu!”

Apa m'pamene anyamata ena anawerama n'kutola miyala. Angella anawaona, ndipo anathamanga n'kukaima kutsogolo kwa amalume ake, manja ali m'mwamba.

“Amalume, apatseni! Ndi chitsulo chabe, apatseni!”

A Maluwa anayang'ana msana wa mwana wa mlongo wawo, anayang'ananso miyala ija. Anadziwa kuti mwala woyamba sufika pa iwo. Mtovu ankausungira Angella, ndipo tsopano kuti ausunge anayenera kupereka Angella yemweyo. Sanalole kuti wina awalande. Anawerama ndi mawondo awo okana aja, nauika pansi okha, chingwe atachikulunga bwinobwino monga ankachitira akamaliza ntchito.

Anyamata aja anasonkha moto pomwepo, wa nkhuni ndi makala, naikapo mtovu ndi chingwe chake, pamwamba n'kuponyapo tayala lakutha. Chingwe chinapsa choyamba, ndi mfundo zake zonse zimene a Maluwa anamanga ali mnyamata. Mtovu unakhala kanthawi uli chete pakati pa makala. Kenaka unayamba kunyezimira, m'mbali mwake n'kutuluka dontho lowala, lina n'kutsatira.

“Chikulira!” anakuwa mayi wina. “Chitsulo chikulira misozi!”

Khamu linabwerera m'mbuyo, ena n'kugwada, ena n'kuyamba kuimba. Anthu amenewa amadziwa khasu, nkhwangwa ndi mpeni, ndipo amadziwa kuti chitsulo chikalowa pamoto chimafiira koma sichisungunuka. Chimene sankadziwa, kapena chimene sanafune kukumbukira, n'chakuti mtovu ndi wofewa ndipo umasungunuka ngakhale pambaula yophikira nyemba.

“Ndi mtovu, anthu inu!” a Swaleh ankafuula mpaka mawu kusasa. “Inu a Tony, simunaonepo okonza mabatire pamsika akuusungunula m'chitini? Nawonso ndi mfiti?”

Koma mneneri anali atakweza kale manja, akulengeza kuti chiwanda chatuluka. A Maluwa sanayang'ane mneneriyo. Ankayang'ana timizere titatu tija pamene tinkafota, kupindika, n'kumira m'madzi owalawo. Chinthu chimene chinapirira mchere wa nyanja, ulendo wa pansi wochokera ku Mozambique ndi zitsime zosawerengeka, chinatha masana amodzi, m'manja mwa anthu amene chinkawapezera madzi, iwo akuimba nyimbo yothokoza.

M'mawa mwake, phulusa litazizira, a Maluwa ndi a Swaleh anapita ndi kakhasu kukafukula. Anapeza chibanthu chophwatalala, chosakanikirana ndi makala ndi mawaya a tayala, ndi timadontho tina tobalalika timene anatola kamodzikamodzi. Amayi anali atayamba kale kutunga pachitsime chija. Ataona nkhalamba ziwirizo anatembenuza nkhope.

“Kaputeni,” anatero a Swaleh, ndipo ulendo uno dzinalo silinamveke ngati chipongwe, “tiyeni kupolisi. Ine ndikachitira umboni.”

“Apolisi akandibwezera timizere tija?”

“Ayi. Koma akamumanga wa suti uja.”

“Shehe, pitani inu kwa azaumoyo mukanene za chitsimechi. Ine akandiona ndikulowa mu ofesi ati ndikukalodza boma.”

A Swaleh anapitadi. Ana ena atadwalanso, azaumoyo anabwera, nathira mankhwala, natseka chitsime, nalamula kuti chimbudzi chikwiriridwe. Matenda analeka. Kutenti kunalengezedwa kuti analeka chifukwa cha moto uja. Palibe munthu ndi mmodzi yemwe, kaya wa komiti, kaya mkulu wa mpingo, amene anafika pakhomo pa a Maluwa kudzanena mawu amodzi opepesa. Anthu amene ankawalonjera ndi manja awiri anayamba kukokera ana awo m'nyumba njinga ija ikamadutsa. Mvula isanathe, Angella anabwera ndi galimoto yaganyu n'kuwatenga amalume ake kupita nawo ku Chileka.

Kumeneko anakhala miyezi, chibanthu chija chili pansi pa bedi. Sankachitulutsa, ndipo za Namakhwa sankazitchula. Ankati alibenso choti apereke. Mbiri yopanda umboni, iwo ankatero, ndi nkhani ya nkhalamba basi.

Amene anachitulutsa anali Angella. Tsiku lina Loweruka sanapite kukasoka. Anabwera ndi dongo la kudambo, chitsononkho, poto wakutha ndi chingwe chatsopano cha nayiloni, naziika pamaso pa amalume ake pabwalo.

“Amalume, akuti chimasungunuka pambaula. Ndinamva ndi makutu anga a Chande akukuwa. Ndiye chisungunukenso.”

“Sichikhalanso chomwe chija.”

“Ine chomwe chija ndinachikana ndekha kangapo konse. Ndipatseni chimene chatsala.”

A Maluwa anapempha madzi, nayamba kukanya dongo. Analiumba mozungulira chitsononkho, nachisolola, nasiya kachitunda pansi kuti padzakhale kadzenje ka mafuta, napingasa kamtengo kumtunda kuti padzakhale kabowo ka chingwe. Chikombolecho anachiumitsa padzuwa masiku angapo n'kuchiwotcha, chifukwa mtovu wotentha ukakumana ndi chinyezi umathovukira kumaso. Tsiku lothira, anthu oyandikana nawo anasuzumira pampanda, ndipo Angella anawaitana mokweza.

“Lowani, amayi, mudzaonere pafupi! Uwu ndi mtovu, uyu ndi poto, iyi ndi mbaula. Mukadzamva kuti ku Chileka chitsulo chalira, mudzanene kuti munalipo.”

Utazizira anaswa dongo. Unatuluka wamfupi kuposa kale, wokhakhala, wopendekeka pang'ono. A Maluwa anaunyamula m'dzanja, nauyesa kulemera. Angella anatenga msomali.

“Ndijambulepo phazi la nkhuku lija?”

“Ayi,” anayankha msanga, mpaka iwo eni anadabwa. “Chija chinali chidindo cha anthu amene anamusiya Namakhwa pamchenga. Tachinyamula mokwanira. Usiye choncho.”

Analowetsa chingwe m'kabowo, namanga mfundo yoyamba. Angella anabweretsa tinsanza ta pansi pa makina ake, tofiira, toyera ndi ta chitenje. A Maluwa anayamba kutambasula manja awo kuti ayeze monga anazolowera, koma analekera panjira, nawatsitsa, napereka nsonga ya chingwe kwa mwana wa mlongo wawo.

“Imirira bwino, Angella. Tambasula manja. Ayi, osapinda zigongono, ukufuna kunamiza madzi? Tambasula mpaka kumapeto.”

Angella anatambasula. Mkwamba wake unali waufupi kuposa wa amalume ake, ndipo iwo anamanga mfundo pamene zala zake zinalekezera.